Notsi zikafika mochedwa: mmene wophunzira waulumali amaphunzirira ku yunivesite

Chaka chilichonse bungwe loona za maphunziro aukachenjede la NCHE likatulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma, pamndandandapo pamakhalanso ana amene analemba mayeso a MSCE m'zilembo za Braille, ena amene malangizo a mayesowo anawamva kudzera mwa womasulira chinenero chamanja, ndi ena amene m'chipinda cholembera anachita kulowamo pa njinga ya olumala. Kumudzi kwawo kumamveka nthungululu, ndipo m'pomveka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina, komanso kuti anthu achialubino analipo 134,636. Amene amafika ku yunivesite mwa anthu amenewa ndi ochepa zedi, ndipo akafikako amapeza kuti vuto lalikulu lingoyamba kumene.

Ambiri tikamva za zipangizo zothandizira aulumali, timaganiza za makina odula ochokera kunja, operekedwa pamwambo wa zolankhula ndi kujambulana zithunzi. Makinawo ndi ofunika ndithu. Koma chimene chimachititsa kuti wophunzira wosaona kapena wosamva akhoze kapena alephere, nthawi zambiri si makina. Nkhani imagona pa notsi zimene anzake alandira Lolemba: iye azilandira liti, nanga zikafika zikhala zoti angathe kuziwerenga? Semesita ndi yaifupi. Munthu amene notsi za sabata yoyamba wazipeza m'sabata yachinayi, mayeso apakati amamupeza asanawerenge theka la zimene anzake analoweza kale.

Malamulo alipo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Ndime 24 ya panganolo imatchula maphunziro aukachenjede mwachindunji, ndipo ndime 2 imanena chinthu chimene akuluakulu ambiri a sukulu sanachimvetsebe: kukana kusintha zinthu pang'ono kuti waulumali athe kuchita nawo, pamene kusinthako n'kotheka, ndi tsankho. Sikuti wachita kumuthamangitsa ayi, kungomusiya kuti adzionere yekha n'kokwanira. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za aulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lina latsopano, limene linasinthanso bungwe lakale loona za aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Papepala zonse zili bwino. Tsono tiyeni tilowe m'kalasi.

Ulendo wa tsamba limodzi

Braille ndi timadontho totukuka tisanu ndi kamodzi, tosanjidwa m'mizere iwiri, timene tingasakanizidwe m'njira 63. Anayambitsa ndi Louis Braille wa ku France ali mnyamata wa zaka 15, mu 1824. Mwana wosaona wa kuno, kaya anaphunzira ku Chilanga ku Kasungu, ku Lulwe ku Nsanje, kapena pa sukulu wamba yokhala ndi chipinda cha zipangizo, amakula ndi makina olembera otchedwa Perkins, amene anatuluka ku America mu 1951. Ndi makina olimba, osafuna magetsi, olemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo akamalemba amasokosera moti m'kalasi ya anthu 200 onse amatembenuka. Ku pulayimale ndi ku sekondale makinawa amathandiza kwambiri. Ku yunivesite zinthu zimasintha chifukwa cha kuchuluka kwa zowerenga.

Tiyerekeze kuti lekichala wauza ophunzira kuti awerenge mutu wa masamba 30 m'buku lina. Woona athamangira ku laibulale kapena kokopetsa mapepala, madzulo n'kuyamba kuwerenga. Wosaona ayenera kutenga mutuwo kupita nawo ku ofesi yoona za ophunzira aulumali. Kumeneko wina ajambule tsamba lililonse ndi sikana. Chotulukacho ndi chithunzi chabe, choncho chiyenera kudutsa m'pulogalamu yozindikira zilembo kuti chisanduke mawu. Pulogalamuyo imalakwitsa, makamaka ngati pepalalo ndi lokopedwa kuchokera ku lokopedwa kale, lothimbirira, lolembedwalembedwa ndi bolopeni m'mphepete. Ndiye munthu woona akhale pansi, akonze zolakwikazo mzere ndi mzere. Kenako mawuwo asinthidwe kukhala Braille ndi pulogalamu ngati Duxbury, n'kutumizidwa ku makina osindikiza madontho papepala lochindikala, limene limachokera kunja ndipo silitsika mtengo. Tsamba limodzi la inki limatulutsa masamba awiri kapena atatu a Braille. Masamba 30 aja asanduka mtolo wonyamula ndi manja awiri. Magetsi akazima pakati pa ntchitoyi, kapena pepala likatha, kapena makina akafa n'kumadikira munthu wowakonza, zonse zimaima. Ndipo ofesiyo sikutumikira wophunzira mmodzi.

N'chifukwa chake ophunzira ambiri osaona masiku ano amadalira makutu kuposa zala. Pakompyuta pamaikidwa pulogalamu yowerenga mokweza chilichonse chili pasikirini. Yodziwika kwambiri ndi JAWS, imene inayamba kugwira ntchito pa Windows mu 1995. Ndi yamphamvu koma yodula, ndipo yosalipira imagwira mphindi 40 zokha n'kufuna kuti uzimitse kompyuta ndi kuyatsanso. Mu 2006 anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, anayamba kupanga ina yotchedwa NVDA, yaulere, yoti ukhoza kuyenda nayo pafulashi. Kwa dziko ngati lathu, kumene ndalama zakunja zimasowa ngakhale zogulira mafuta, NVDA inasintha zinthu kuposa thandizo lililonse limene linabwerapo ndi mwambo. Mafoni nawonso ali ndi zowerengera zawo: TalkBack pa Android, VoiceOver pa iPhone. Ukaona wophunzira wosaona akumvetsera foni yake, sungagwirepo liwu ngakhale limodzi, chifukwa amaithamangitsa kuposa mmene munthu angalankhulire. Khutu linazolowera.

Apa tsono ndi pamene pagona nkhani yonse. Pulogalamu yowerengayo imawerenga mawu, siwerenga chithunzi. Lekichala akatenga notsi zake zakalekale, n'kuzijambula ndi foni, n'kuziponya pagulu la WhatsApp la kalasi, kwa woona ndi notsi, kwa wosaona ndi tsamba lopanda kanthu. Koma lekichala yemweyo akanatumiza fayilo ya Word imene analembamo notsizo poyamba, wophunzira uja akanayamba kuwerenga mphindi yomweyo pamodzi ndi anzake, popanda sikana, popanda pepala, popanda kudikira aliyense. Kusiyana kwake sikufuna ngakhale tambala. Pali alekichala ena amene amakaniza mafayilo awo poopa kuti afalikira. Mantha amenewo ndi omveka pang'ono, koma notsi zomwezo zimagulitsidwa kale pa malo okopera mapepala kunja kwa geti. Amene akumanidwa ndi wosaona yekha.

Nthawi ya Covid-19, sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 n'kuyamba kuyesa zophunzira pa intaneti, nkhaniyi inaonekera poyera. Maphunziro atapita pa Moodle, Google Classroom ndi WhatsApp, ena osaona anapeza mpumulo chifukwa zambiri zinayamba kubwera pakompyuta. Ena anatsala chifukwa zimene zinkabwerazo zinali zithunzi za mapepala, ndipo ofesi yowathandiza ija inali kutali, bandulo nayo yosakwanira.

Kumvetsera sikungalowe m'malo mwa Braille kotheratu, ndipo amene amanena kuti Braille yatha ntchito sanayesepo kuphunzira kalembedwe ka mawu ndi makutu okha. Kuti udziwe mmene dzina la mlandu wa kukhoti limalembedwera, pamene pali mpumiro, kapena mmene ndakatulo yasanjidwira, pamafunika zala. Komanso mawu a makinawa ambiri ndi a Chingerezi, ndiye akakumana ndi Chichewa amachipotoza moti wophunzira wa zinenero za kuno amachita kuwerenga chilembo chimodzichimodzi. Yankho lake ndi kachipangizo kokhala ndi mzere wa timisomali totuluka ndi kulowa, kosonyeza mu Braille zimene zili pakompyuta kapena pa memori khadi. Kale zoterezi zinkagulidwa madola masauzande angapo. Kubwera kwa Orbit Reader 20, kokhala ndi malo a zilembo 20, kunatsitsa mtengo kufika pa madola mazana angapo. Kachipangizo kamodzi kamasunga mabuku amene papepala akanadzaza chipinda chonse cha ku hositelo.

Nanga mabukuwo achokera kuti? Bungwe la anthu osaona padziko lonse limati mwa mabuku onse osindikizidwa, osakwana 10 pa 100 alionse ndi amene amapezeka mumpangidwe woti wosaona awerenge, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chimatsika kwambiri. Chimodzi mwa zopinga chinali lamulo la umwini wa mabuku: kusintha buku kukhala Braille kunkafuna chilolezo cha mwini wake, ndipo buku losinthidwa kale ku Britain silinkaloledwa kuwoloka malire. Pangano la ku Marrakesh la 2013 linachotsa chopinga chimenechi, ndipo Malawi inalowa nawo mu 2017. Tanthauzo lake n'lakuti laibulale ya yunivesite ikhoza kusintha buku popanda kupempha, ndiponso ikhoza kulandira mabuku osinthidwa kale kuchokera ku nkhokwe ngati Bookshare. Mabuku a zachuma, zamalamulo kapena zamaphunziro olembedwa kunja ambiri alimo. Olembedwa kuno, malipoti aboma, zigamulo zakale za makhoti athu, mulibe, ndipo amenewo palibe wina adzatisinthire.

Masamu ndi sayansi ndiye mutu wina wowawa. Galafu, mapu, chithunzi cha mtima kapena samu yokhala ndi manambala pamwamba ndi pansi sizimveka bwino ndi makutu. Njira zilipo: Braille ya masamu, mapepala otupa akatenthedwa kuti mizere imveke ndi zala, zowerengetsera zolankhula. Koma ana ambiri osaona amasiyitsidwa maphunziro amenewa akadali ku sekondale chifukwa chosowa mphunzitsi ndi zipangizo. Pofika podzaza fomu ya NCHE, makomo a uinjiniya, zaulimi ndi zaumoyo amakhala atatsekeka kale. Si zodabwitsa kuti kwa zaka zambiri ophunzira osaona ankapezeka makamaka ku Chirunga ku Zomba, kumene kale kunali Chancellor College ndipo kuyambira 2021 ndi University of Malawi, akuchita za uphunzitsi, mbiri yakale, zinenero ndi zachipembedzo. Kumeneko n'kumene kunakhazikika gawo lowathandiza. Tisamanamizane kuti onsewo anasankha okha maphunziro amenewa.

Oona pang'ono, kuphatikizapo achialubino ambiri, amaiwalika chifukwa sayenda ndi ndodo yoyera. Maso awo amavutika ndi kuwala ndipo saona patali. Zimene amafuna n'zosavuta: mpando wakutsogolo, mapepala a zilembo zikuluzikulu, kagalasi koonera pabolodi, kapena kuloledwa kujambula bolodi ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Windows ili kale ndi chokulitsira zilembo chaulere. Koma m'holo yodzaza, momwe ophunzira amalimbirana mipando ena n'kumvera pawindo, mpando wakutsogolo supezeka wokha pokhapokha wina ataulamula. Kwa wachialubino palinso nkhani ya malo ogona. Kuchokera pamene kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kunakula cha mu 2014, kuyenda usiku kuchokera ku laibulale kupita ku nyumba ya lendi ku Chikanda, dera loyandikana ndi Chirunga, si nkhani yoseweretsa. Kwa iye chipinda cha pasukulu pomwepo ndi chitetezo.

Wosamva m'kalasi ya Chingerezi

Ngati pali gulu limene yunivesite yathu inalikonzekera mochepa kuposa onse, ndi la osamva. Sukulu zawo za pulayimale zilipo: Mary View ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba. Akamaliza kumeneko amapita ku masekondale wamba, komwe aphunzitsi ambiri sadziwa chinenero chamanja, ndipo ambiri amathera pomwepo. Wodutsa mpaka ku yunivesite amakhala wachita zamphamvu.

Chimene amafuna choyamba si makina koma munthu: womasulira. Omasulira odziwa bwino ntchito m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo omwewo ndi amene amafunidwa pa wailesi yakanema, kukhoti, kuchipatala ndi kumisonkhano ya mabungwe kumene malipiro ake ndi abwinoko. Ntchitoyi ndi yotopetsa mutu ndi manja, moti kumayiko ena omasulira amakhala awiri n'kumasinthana pakatha mphindi 20 kapena 30. Kuno mmodzi akhoza kuima maola atatu otsatizana, ndipo pofika ola lachitatu zimene wophunzira akulandira zimakhala zidutswa. Womasulirayo ayeneranso kumvetsa phunzirolo. Sangamasulire za kukwera mitengo kwa zinthu kapena za malamulo a malo ngati iye mwini wasokonezeka, ndipo mawu ambiri aukatswiri alibe chizindikiro chogwirizanika m'chinenero chamanja cha ku Malawi. Amachita kulemba chilembo ndi chilembo ndi zala, lekichala ali patsogolo ndi ndime ziwiri. Bungwe la osamva la MANAD lakhala likusonkhanitsa zizindikiro ndi kuphunzitsa omasulira, koma mawu a ku yunivesite ndi nyanja.

Pali china chimene akumva sachiganizira. Wakumva amamvetsera kwinaku akulemba. Wosamva akaweramira pepala, womasulira wamuphonya. Choncho amafunikanso womulembera notsi, kapena notsi za lekichala zomwe zija zisanafike nthawi ya kalasi. Taonani kuti tabwerera pa fayilo ya Word ija.

Mafoni a masiku ano ali ndi mapulogalamu osintha zolankhula kukhala mawu olembedwa, monga Live Transcribe. M'chipinda chachete, wolankhula ali pafupi, amathandiza. M'holo yaphokoso, lekichala akulankhula Chingerezi cha kwathu kuno kenako n'kuponyamo nthabwala ya Chichewa, zotuluka pasikirini zimaseketsa anthu olakwika. Akumva pang'ono amathandizika ndi timakina tovala m'khutu, timene amayeza ndi kupereka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku African Bible College ku Lilongwe, koma timabatire take timatha msanga ndipo sitigulitsidwa pa okala. Kumbukiraninso kuti kwa munthu wobadwa wosamva, Chingerezi cholemba ndi chinenero chimene sanachimvepo chikulankhulidwa. Wochonga amene sadziwa zimenezi amaona galamala yokhota n'kuganiza kuti mwanayo ndi wofooka m'mutu.

Masitepe

Za oyenda pa njinga kapena ndi ndodo n'zoonekeratu, ndiye sitichedwapo. Nyumba zambiri za ku Chirunga ndi za ku MUBAS (kale Polytechnic) ku Blantyre zinamangidwa kalekale, nthawi imene palibe ankaganiza kuti wa pa njinga adzafuna kukwera kumwamba kwa laibulale. Nyumba zatsopano zimakhala ndi njira zotsetsereka, koma zina amisiri amazimanga zachiphompho moti munthu sangakwere yekha. Muyezo wodziwika ndi wakuti pokwera mita imodzi, njirayo italike mamita 12. Lifiti imadalira magetsi, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinalili mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Chotsika mtengo kuposa zonse ndi cholembera cha amene amakonza ndandanda ya makalasi: kalasi imene muli wa pa njinga aiike chipinda chapansi. Kunyamulidwa ndi anzako pamasitepe tsiku ndi tsiku, ena amakuona ngati chikondi. Funsani mtsikana amene amanyamulidwayo. Chimbudzi chimene chitseko chake njinga singalowe chimachititsa munthu kusala madzi tsiku lonse.

Palinso aulumali osaoneka ndi maso: akhunyu, ovutika kuwerenga ngakhale maso ali bwino, odwala matenda a maganizo. Ambiri sanena, poopa kusalidwa, ndipo ofesi singathandize munthu amene sikumudziwa.

Mayeso ndi ndalama

Nthawi ya mayeso ndi pamene zofooka zonse zimakumana. Pepala la mafunso liyenera kufika ku ofesi ija msanga kuti lisinthidwe kukhala Braille kapena zilembo zikuluzikulu, koma ndi lachinsinsi, ndiye alekichala ena amaligwira mpaka m'mawa wa tsikulo. Wophunzira amakhala panja kudikira anzake akulemba. Funso lokhala ndi chithunzi limafuna lina lolowa m'malo mwake loyesa nzeru zomwezo. Akalemba pa Perkins, mayankho ake ayenera kulembedwanso mu inki ndi katswiri kuti lekichala achonge. Akatswiri ambiri a Braille anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo anakonzekeretsedwa kuphunzitsa ana a sukulu, osati kumasulira mayankho a chaka chachinayi a zamalamulo. Akaphonya liwu limodzi, malikisi amachoka kwa wophunzira. Kulemba pa laputopu yosalumikizidwa ku intaneti kumadula njira yonseyi, ndipo lekichala amawerenga zimene wophunzira walemba yekha. Za nthawi yowonjezera, ena amadandaula kuti n'kukondera. Kuwerenga ndi zala kumachedwa kuposa ndi maso, ndipo kubwerera kukafunafuna ndime yapita kumachedwa koposa. Mphindi zowonjezerazo zimangobweza zimene njirayo yadya.

Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati anthu oposa 2.5 biliyoni padziko lonse amafuna chipangizo chothandizira chimodzi kapena zingapo, ndipo m'mayiko ena osauka amene amachipeza ndi 3 okha pa 100 alionse. Kumayiko ena ndalama ya zipangizo imatsata wophunzira: ku Britain kuli thumba lapadera la ophunzira aulumali, ku South Africa bungwe la NSFAS limalipira zipangizo ndi omuthandiza. Kuno ngongole ya HESLGB, bungwe lokongoza ndalama ophunzira limene linayamba mu 2015, imayang'ana fizi ndi ndalama yodyera. Koma wophunzira waulumali amawononga zambiri kuposa mnzake: laputopu kwa iye si yosankha, kabaza amakwera pamene ena ayenda pansi, ndipo mnzake womuwerengera kapena womuperekeza naye amafunika kumuthokoza. Zipangizo zambiri zimabwera ndi mabungwe othandiza. Ntchito yawo ikatha, makina osindikiza Braille amatsala opanda pepala, laisensi ya pulogalamu imatha, wokonza palibe. Makina otere akafa amakhala pakona atafunditsidwa nsalu, chifukwa mu bajeti ya sukulu munalibe mzere wa pepala ndi zokonzera.

Mayunivesite aboma tsopano alipo asanu ndi imodzi, UNIMA, MUBAS, KUHeS, Mzuni, LUANAR ndi MUST, kuwonjezera pa amipingo ndi a anthu wamba. Aliyense sangagule makina onse, ndipo sikofunika kutero. Buku limene lasinthidwa ku Zomba likhoza kufika ku Mzuzu tsiku lomwelo ngati malaibulale agwirizana kusunga mafayilowo pamalo amodzi, ndipo pangano la ku Marrakesh limalola zimenezo. Fomu yofunsira malo imafunsa kale ngati munthu ali ndi ulumali. Pakati pa kutuluka kwa mayina ndi kutsegulira sukulu pamadutsa miyezi, nthawi yokwanira kuti dipatimenti idziwe amene akubwera, itumize mndandanda wa mabuku a semesita yoyamba kuti ayambe kusinthidwa, ipeze womasulira, ndi kusunga chipinda chapansi ku hositelo. Kumene zimenezi sizichitika, ofesi ya aulumali imamudziwa wophunzirayo tsiku limene wafika pageti ndi chikwama chake, makalasi n'kuyamba Lolemba lotsatira.